Mmene mungayendetsere ntchito yoteteza maso m'dera lanu kuno ku Lilongwe

Munthu wokalamba akayamba kusaona, pakhomo sipakhala chipwirikiti ngati mmene zimakhalira wina akagwidwa ndi malungo aakulu. Amayamba waleka kupita kumunda, kenako amaleka kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kumaliro amangotumiza chipepeso, ndipo pomafika dzinja lachitatu amakhala atazolowera mphasa yake ya kuseri kwa nyumba, mdzukulu mmodzi akujomba kusukulu kuti aziwagwira ndodo agogo popita kuchimbudzi. Abale mukawafunsa amayankha kuti ndi ukalamba basi. Komatu nthawi zambiri chimene chatseka maso amenewo ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa pa opaleshoni yosafika ola limodzi, ku Lilongwe konkuno. Malangizo awa ndalembera a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi, ndi wina aliyense amene akufuna kuti anthu oterewa apezeke, aperekezedwe kuchipatala, ndiponso abwerereko pa tsiku limene adokotala anena. Kuchiza maso ndi ntchito ya achipatala. Mbali yathu ife ndi ulendowo, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikuthandiza pa ntchitoyi ndaona kuti odwala ambiri amagwera pa ulendo pomwepo.

Dziwani kaye kotumiza anthu

Magulu ambiri amalakwitsa poyambirira penipeni, posonkhanitsa odwala maso pabwalo la mfumu asanadziwe kumene akawapititse. Anthu amabwera ndi chiyembekezo, mayina amalembedwa, kenako pamadutsa miyezi kuli zii, ndipo mukadzaitananso sabwera. Choncho yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, mupite naye kwa mkulu wa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Kawale, ku Area 18, ku Area 25, ku Mitundu kapena ku Kabudula. Mukafunse ngati pachipatalapo pamabwera wodziwa za maso ndi tsiku limene amabwera, mmene kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu imalembedwera, komanso ngati pali madokotala oyendera madera amene akuyembekezeka m'miyezi ikubwerayo. Musachokepo musanatenge nambala ya foni ya munthu mmodzi woti muzimuimbira musananyamuke ndi odwala.

Mumzinda muno opaleshoni za maso zimachitikira ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, chimene chili pa Kamuzu Central Hospital, ndipo popeza kumeneku kumafika odwala otumizidwa kuchokera m'maboma a m'chigawo chonse chapakati, ndi bwino kufikako ndi kalata pamodzi ndi buku la kuchipatala. Kwa anthu a mbali ya Nathenje ndi Kamphata, chipatala cha mishoni cha Nkhoma chili pafupi ndipo chadziwika kwa zaka zambiri pa ntchito yochotsa ng'ala, koma popeza ndi cha mpingo, funsani za malipiro pasadakhale kuti wodwala asakabwerere pawindo lolipirira.

Ntchito mukuyambayi ili ndi mizu kuno kwathu. Kuyambira zaka za m'ma 1980, sukulu imene lero ikutchedwa Malawi College of Health Sciences kuno ku Lilongwe yakhala ikuphunzitsa makiliniko ofisa a maso, ena mwa iwo ochokera m'mayiko oyandikana nafe, ndipo dzina limene limakumbukiridwa pa chiyambi chake ndi la malemu Dr Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, amene anadzakhalanso nduna ya zaumoyo mu 2009. Cholinga chinali choti, popeza madokotala aakulu a maso ndi ochepa m'mayiko athu onse, boma lililonse likhale ndi munthu wophunzira woona maso pafupi ndi anthu. Masiku ano Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri oyeza maso ndi kulemba magalasi, ndipo madokotala a maso a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa ali ndi bungwe lawo la COECSA. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO ndi anzake anakhazikitsa ndondomeko yothetsa khungu lopeweka ya VISION 2020 mu 1999, ndipo lipoti la WHO la 2019 linanena kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la kuona, ndipo mwa iwo osachepera 1 biliyoni vuto lawolo likanapewedwa kapena silinathandizidwebe. Mu 2021 mayiko anagwirizananso kuti pofika 2030 achulukitse anthu olandira opaleshoni ya ng'ala yowathandizadi ndi magalasi owayenera. Koma dokotala wokhala ku Kamuzu Central sangadziwe kuti m'nyumba yachitatu kuchokera pamjigo muli agogo osaona. Wodziwa zimenezo ndinu.

Kupeza odwala ndi kuyeza maso awo

Osaona kwambiri ndi amene sabwera pabwalo, chifukwa alibe wowatsogolera kapena anataya mtima kalekale, ndipo amayi okalamba ndi amene amatsalira kawirikawiri. Pa chifukwa chimenechi kulengeza pamsonkhano pakokha sikukwanira. Funsani amayi a mvano ndi a chigwirizano amene amayendera odwala, funsani a nyakwawa, ndipo njira imene ine inandithandiza kuposa zonse ndi kupempha aphunzitsi kuti afunse ana m'kalasi kuti kwawo ndani amagwiridwa ndodo, ndani anasiya kuyenda yekha, ndani amafufuza mbale ndi dzanja pakudya. Ana sabisa. Mayina amenewo muwayendere khomo ndi khomo.

Zida zoyezera ndi chingwe cha mamita 6, chikatoni choyera, cholembera chakuda chonenepa, rula, tochi ndi kope. Ngati kuchipatala angakupatseni tchati chosindikiza cha chilembo cha E, gwiritsani ntchito chimenecho. Ngati palibe, jambulani E ziwiri pa zikatoni zosiyana: yaikulu ikhale masentimita 8.7 m'litali ndi m'lifupi momwemo, mzere uliwonse wonenepa masentimita 1.7, ndipo yaing'ono ikhale masentimita 2.6, mizere yake theka la sentimita. Miyezo imeneyi musaiyerekeze ndi maso, chifukwa E yaikuluyo ndi imene achipatala amailemba kuti 6/60 ndipo yaing'onoyo ndi 6/18, choncho mukaikuza kapena kuichepetsa zimene mwalemba m'kope sizigwirizana ndi zawo.

Yezerani panja pamthunzi wowala bwino, dzuwa lisakumane ndi nkhope ya woyezedwayo. Muyambe mwaima naye pafupi, maso ake onse ali otsegula, mumusonyeze kuti miyendo itatu ya chilembocho ikhoza kuloza kumwamba, pansi, kumanja kapena kumanzere, ndipo iye azikusonyezani ndi dzanja kumene yaloza. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti sifuna sukulu. Akamvetsa, tambasulani chingwe, mubwerere mamita 6, iye atseke diso lamanzere ndi chikhato osati ndi zala, chifukwa pakati pa zala anthu amasuzumira osadziwa, ndipo asalipsinje disolo. Tembenuzani chikatoni kanayi kapena kasanu mosatsata ndondomeko, kenako muyeze diso linalo. Wovala magalasi oonera patali ayezedwe atawavala. Amene akuona E yaing'ono ndi diso lililonse ali bwino pa muyezo umenewu. Amene akuona yaikulu yokha alembedwe kuti akaonedwe. Amene sakuona ngakhale yaikuluyo, muyandikireni pa mamita 3, ndipo akalepheranso pamenepo ndi diso lake labwinolo, ameneyo ndi amene WHO imamuwerengera kuti ndi wosaona, dzina lake likhale pamwamba pa mndandanda.

Pali kachida kena kosavuta kamene kamakudziwitsani zambiri. Boolani kachikatoni ndi singano yaikulu, kabowo kake pafupifupi milimita imodzi, ndipo munthu amene walephera uja asuzumire pakabowopo. Akaona bwino kuposa poyamba, mwina chimene akusowa ndi magalasi chabe. Kenako muunikeni ndi tochi kuchokera m'mbali: kamwana ka diso kayenera kukhala kakuda, ndipo kakaoneka kotuwa kapena koyera, kawirikawiri imakhala ng'ala. Onaninso ngati pali chipsera choyera pamwamba pa mbali yakuda ya diso, ngati nsidze zapindikira mkati, kapena ngati pa mbali yoyera pamera kanyama kotuwa kamene kakukula. Kanyama kotereka kakhoza kukhala khansa ya pamwamba pa diso, imene imapezeka kwambiri pakati pa anthu amene ali ndi HIV, ndipo ikachotsedwa ikadali yaing'ono diso limapulumuka.

Apa ndichenjeze mwamphamvu. Musatchule dzina la matenda kwa wodwala, ndipo musalonjeze kuti akakapita akaona. Kuseri kwa ng'ala kukhoza kukhala vuto lina limene tochi singaonetse, ndipo munthu mmodzi amene munamulonjeza nabwerako osaona amatseketsa zitseko za mudzi wonse. Mawu oyenera ndi oti, "Agogo, maso anuwa akufunika kuti adokotala awaone, ndipo ambiri amene ali ngati inu amathandizika."

Ng'ala: kukambirana ndi banja, ulendo, ndi kusamala pobwerako

Kuseri kwa kamwana ka diso kuli kagalasi kachilengedwe koonekera ngati madzi, kamene pokalamba kamachita mtambo pang'onopang'ono, ndipo nthenda ya shuga, kuvulala kwa diso ndi kusuta fodya zimafulumizitsa mtambowo. Palibe mankhwala odontheza, mtengo kapena chakudya chimene chingakayeretse. Pa opaleshoni adokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pafupi ndi diso, wodwala ali maso, amacheka pang'ono, amatulutsa kagalasi kowonongekako n'kuikamo kena kopanga kamene kamakhala momwemo moyo wonse. Diso silichotsedwa m'malo mwake. Amalimata usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake bandeji ikachotsedwa ambiri amayamba kuona. Kawirikawiri amachita diso limodzi pa nthawi, ndipo sipafunika kudikira kuti munthu achitiretu khungu. Ng'ala ikayamba kumulepheretsa ntchito zake, nthawi yakwana.

Kufotokoza zimenezi n'kosavuta. Chovuta ndi mantha. Agogo ena aakazi a mbali ya Malingunde anatikana katatu konse, ndipo ulendo wachitatu anatiyankha kuti, "Ana inu, ine zoona ndinaona kale. Mukufuna akandikolowole diso aikemo la mbuzi?" Tinafotokoza mpaka malovu kuuma, osatheka. Chimene chinawatembenuza ndi mayi wina wa msinkhu wawo amene anachotsedwa ng'ala chaka chapitacho, amene tinamutenga pa kabaza. Iye anangokhala nawo pamphasa, anatenga dzanja lawo n'kuligwiritsa zikope zake kuti amve kuti maso onse awiri alipo, kenako anayamba kuwauza mtundu wa chitenje chimene anavala, ndi kuti nkhuku imene ikulira kuseriyo ili ndi anapiye asanu ndi mmodzi. Sabata yotsatira agogowo anakwera minibasi. Kuyambira pamenepo sindipita kukakambirana za opaleshoni popanda munthu amene anachitidwapo, ndipo inunso pezani anthu awiri kapena atatu otere m'dera lanu.

Kumbukirani kuti wokalamba sasankha yekha. Pali mwinimbumba woti amve, pali mwana wa kutauni amene amatumiza ndalama, ndipo pali woti asiye ntchito zake akadikirire kuchipatala. Akhaleni pansi onsewo, wa kutauniyo ngakhale pa foni, muwerengere limodzi: thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera, chakudya cha wodikirira, ndiponso maulendo ena awiri kapena atatu okaonetsanso diso. Mabanja ambiri amawerengera ulendo woyamba wokha. Komiti ikhoza kupempha mpingo kapena banki m'khonde kuti ipatule kathumba ka thiransipoti, ndipo kutenga odwala asanu kapena khumi pa galimoto imodzi kumatsitsa mtengo komanso kumachepetsa mantha, chifukwa okalamba amalimbitsana mtima panjira. Nyengo yabwino ndi anthu akakolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene kandalama kalipo, misewu ya m'midzi ili youma, ndipo wodikirira sakudandaula za kumunda.

Kutatsala sabata kuti munyamuke, wodwala akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga pachipatala chapafupi, chifukwa zimenezi zikapezeka zokwera kwambiri pa tsikulo opaleshoni imaimitsidwa, ndalama ya ulendo n'kupita pachabe. Pa tsiku lonyamuka asambe bwino kumaso ndi kumutu, atenge buku la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa kuti adokotala awaone, chofunda, mbale ndi kapu.

Pobwerako ndi pamene komiti imafunika kwambiri, ngakhale ambiri amaona ngati ntchito yatha. Wina wa pakhomopo aphunzire kudontheza mankhwala: asambe m'manja ndi sopo, akokere chikope cham'munsi pansi, adontheze dontho limodzi popanda kukhudzitsa kamwa la botolo pa diso, pa maola amene alembedwa. Wodwala asatikite diso, asalowe m'khitchini ya utsi, asasinje, asapete, asanyamule ndowa kufikira adokotala atamulola, ndipo apa mudzavutika ndi amayi amene akangoyamba kuona amafuna kusesa pabwalo tsiku lomwelo. Diso likayamba kupweteka kwambiri, kufiira moonjezereka, kutuluka mafinya, kapena kuona kukayamba kubwerera m'mbuyo, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire tsiku limene analemberedwa. Ena pakapita miyezi kapena zaka amayambanso kuona mwachimbuuzi chifukwa kathumba kamene kamagwira kagalasi katsopano kachita mtambo, ndipo zimenezi zimakonzeka akapitanso.

Zosadikira mawa

Laimu, simenti, asidi wa m'batire, mankhwala opopera mbewu kapena malovu a njoka zikalowa m'diso, musathamangire kuchipatala musanatsuke. Mugonekeni munthuyo chammbali, mutsegule zikope ndi zala, muthire madzi oyera mosalekeza kwa mphindi zosachepera 20, kenako munyamuke. Koma diso likabooledwa ndi waya, kamtengo kapena kachitsulo, musalitsuke, musalipsinje, ndipo chobayacho musachizule. Liphimbeni ndi tsinde la kapu ya pulasitiki lomata ndi pulasitala kuti pasakhale chokhudza, wodwala asadye, mupite msanga. Owotcherera ndi opala zitsulo ku Mchesi ndi ku Biwi, komanso ophwanya miyala m'mbali mwa misewu, ayenera kukumbutsidwa za magalasi otetezera, chifukwa kachitsulo kochepa ngati mchenga kakakhala pa diso masiku awiri kamasiya dzimbiri ndi chilonda.

Nyengo yokolola imabweretsa vuto limene anthu amalipeputsa. Tsamba louma la chimanga likakanda diso, tsiku loyamba pamangotuluka misozi, koma pakatha masiku angapo pa mbali yakuda pamaoneka kadontho koyera, diso likupweteka ndi kudana ndi kuwala. Chimenecho ndi chilonda, ndipo chikachedwa chimasiya chipsera chosachoka kapena kuboola diso. Lamulo losavuta kukumbukira ndi loti diso lofiira limene likupweteka, kapena limene lachepa kuona, ndi la kuchipatala lero.

Maso ambiri amene ndaona atawonongeka sanawonongedwe ndi matenda oyambawo koma ndi zimene zinathiridwamo. Pamene matenda a maso ofiira anabuka ku Karonga mu 2024 n'kufalikira m'maboma ena, achipatala anachenjeza anthu mobwerezabwereza za kuthira mkodzo, mkaka wa m'mawere ndi madzi a masamba, ndipo chifukwa chake ndi chomveka: matenda amenewo nthawi zambiri amatha okha pa sabata imodzi kapena ziwiri, pamene mkodzo wa munthu wodwala chinzonono ukhoza kuboola diso pa masiku ochepa. Mankhwala odontheza ogula popanda kulemberedwa ndi oopsanso, makamaka amene pabotolo alembedwa dexamethasone, prednisolone kapena betamethasone. Amachotsa kufiira msanga, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma pa chilonda amakulitsa vuto, ndipo akagwiritsidwa ntchito miyezi yambiri amayambitsa ng'ala ndi glaucoma, nthenda yowononga mtsempha wa kuseri kwa diso. Asing'anga a m'dera lanu musawatenge ngati adani. Achezereni mwaulemu, muwapemphe chinthu chimodzi chokha, chakuti m'diso asamaikemo kanthu, ndipo wodwala maso azimutumiza kwa inu.

Maso a ana

Pa ana, chitetezo chachikulu chili kusikelo. Mwana wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu alandire vitamini A miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo katemera wa chikuku alandire kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, chifukwa chikuku chikagwira mwana woperewera zakudya chimatha vitamini A m'thupi n'kusiya maso ali zilonda. Mwana amene amapunthwa kapena kukana kutuluka panja kukangoyamba mdima, pamene anzake akusewera, aonedwe msanga. Mbatata yofiira mkati, maungu, mapapaya, mango, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi mazira zimathandiza, makamaka ndiwo zikathiridwa nsinjiro kapena mafuta pang'ono, ndipo shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amaonjezeredwa vitamini A. Khanda limene latupa zikope ndi kutuluka mafinya m'mwezi woyamba lipite kuchipatala tsiku lomwelo, mayi ndi bambo omwe akaonedwe.

Kamwana ka diso koyera mwa mwana wamng'ono si nkhani yoti adzakula nayo. Ikhoza kukhala ng'ala yobadwa nayo, imene ikachedwa kuchotsedwa ubongo suphunziranso kuona bwino ngakhale opaleshoni itadzachitika, kapena khansa ya mkati mwa diso imene imapha. Nthawi zina makolo amayamba kuziona pa chithunzi chojambulidwa ndi foni, diso limodzi likuwala moyera. Mwana wotere, komanso amene diso lake layamba kuyang'ana kumbali, apite ku Kamuzu Central mosazengereza.

Kusukulu, mphunzitsi mmodzi akhoza kuyeza kalasi yonse m'mawa umodzi ndi chingwe chomwe chija, koma pa ana gwiritsani ntchito E ya masentimita 1.7, imene ndi 6/12. Mwana amene amatsinzinira poyang'ana pabolodi, kapena amene amakopera zolemba kwa mnzake nthawi zonse, mwina si waulesi monga amamunenera. Ana achialubino pafupifupi onse amaona movutikira, choncho akhale kutsogolo, aloledwe kuvala chipewa, ndipo akayezedwe kuchipatala. Akapatsidwa magalasi, aphunzitsi aletse anzawo kuwaseka, apo ayi magalasiwo adzathera m'chikwama.

Trachoma tinaigonjetsa, koma nsidze zikadalipo

Mu Seputembala 2022 WHO inatsimikiza kuti Malawi yathetsa trachoma, nthenda ya maso yopatsirana imene imapinditsa zikope, monga vuto la umoyo wa anthu, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kuno kuchita zimenezi. Zinatheka ndi opaleshoni ya zikope, mankhwala a azithromycin amene ankagawidwa m'maboma monga Mchinji, Kasungu, Salima, Chikwawa ndi Nsanje, kusamba kumaso, ndi zimbudzi, boma likugwira ntchito ndi mabungwe monga Sightsavers ndi Blantyre Institute for Community Outreach. Izi sizikutanthauza kuti palibenso wodwala ngakhale mmodzi. Okalamba amene anadwala mobwerezabwereza ali ana akhoza kupindika zikope lero, nsidze n'kumakanda diso pa kuphethira kulikonse, ndipo ambiri amangozizula ndi zala kapena ndi kampeni. Mukawapeza atumizeni, chifukwa opaleshoni yake ndi yaifupi. Ndipo kusambitsa ana kumaso ndi sopo kuti manthongo ndi mamina zisaitane ntchentche, kusabwerekana kansalu kopukutira, chimbudzi chovundikira ndi mpondagiya pakhomo, zonsezi zipitirire.

Amene adutsa zaka 40

Glaucoma ndi yovuta kuposa ng'ala chifukwa siipweteka ndipo siioneka ndi tochi. Imawononga mtsempha wa kuseri kwa diso, kawirikawiri chifukwa mphamvu ya madzi a m'diso yakwera, kuyambira kuona kwa m'mbali, kotero kuti munthu amawerengabe bwinobwino uku akugunda mafelemu a zitseko. Zimene zatayika sizibwerera, ndipo mankhwala odontheza tsiku ndi tsiku kapena opaleshoni zimangoteteza zotsalazo. Imayamba msanga pakati pa anthu akuda ndipo imayenda m'magazi, choncho wina akapezeka nayo, abale ake a bere limodzi ndi ana ake akuluakulu akayezetse. Muyezo wa E uja sungaigwire ikadali koyambirira, n'chifukwa chake aliyense wopitirira zaka 40 ayenera kukaonedwa ndi wodziwa za maso ngakhale akuona bwino. Odwala shuga akaunikidwe mkati mwa maso kamodzi pachaka, atadonthezedwa mankhwala okulitsa kamwana ka diso, ndipo m'kope lanu akhale ndi tsamba lawolawo.

Pa msinkhu womwewu ambiri amayamba kutalikitsa foni kapena Baibulo powerenga, atelala amalephera kulowetsa ulusi pa singano, amayi amasiya timiyala posankha nyemba. Amenewa si matenda oopsa, ndipo magalasi owerengera a mphamvu yoyambira +1.00 mpaka +3.00 amathetsa vutolo nthawi yomweyo. Magalasi oyenera sawononga maso monga ena amanenera. Chokhacho n'choti munthu asalole magalasi a pamsika kumulepheretsa kukayezetsa, chifukwa ulendo wokafuna magalasi owerengera ndi umene umathandiza kupeza glaucoma ikadali yaing'ono.

Kope

Zonsezi zimagwa ngati palibe kope. Pa munthu aliyense lembani dzina, mudzi kapena dera, nambala ya foni ya wachibale, zimene diso lililonse laona, tsiku limene mwamutumiza, tsiku limene anapitadi, zimene anauzidwa, ndi tsiku lobwererako. Kopelo lisungidwe ndi munthu mmodzi wodalirika, lisamawerengedwe pagulu, pakuti muli matenda a anthu. Kamodzi pamwezi khalani pansi ndi mlangizi wa zaumoyo, muyang'ane mizere imene malo a tsiku lopita akadali opanda kanthu, ndipo pa dzina lililonse mufunse chimene chatsekereza: ngati ndi ndalama, kathumba kaja kagwire ntchito, ngati ndi mantha, tumizani amene anachitidwapo, ngati ndi wodikirira, gawanani masiku. Tsiku lokumbukira za maso pa dziko lonse limakhala Lachinayi lachiwiri la Okutobala, ndipo kwa ife limagwa pabwino, chifukwa ndi nthawi yowerenga amene atsala pa mndandanda n'kuwakonzera galimoto yomaliza mvula isanatseke misewu ya kumidzi ndi anthu asanabalalikire kodzala.